Amayi sananene kuti tiime, kuchokera ku Chipata mpaka ku Luangwa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa kwa Mwase ku Lundazi, amene akufuna kupita ndi atate ake a zaka 81 ku Lusaka kukaonana ndi dokotala wa maso, ndipo funso lake linali lakuti akwere basi kapena abwereke motoka, komanso ngati ulendowo ungatheke tsiku limodzi. Ndinaiwerenga kawiri, koma tsiku lomwelo ndinalephera kuyankha, chifukwa inandikumbutsa chinthu chimene ndakhala ndikudziimba nacho mlandu kwa zaka zingapo tsopano.

Amayi anga anali ndi zaka 78 pamene ndinawatenga kupita nawo ku ukwati wa mdzukulu wawo, mwana wa mlongo wanga amene amakhala ku Lusaka. Unali mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, nthawi imene ngakhale nkhuku zimayenda zitayasamula milomo. Kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka pa msewu wa Great East pali makilomita pafupifupi 570, ndipo ine ndinali nditawerengera kale kuti tikanyamuka 5 koloko mbandakucha tikalowa mu Chongwe masana, motoka zisanathithikane polowera mumzinda. Ndinkanyadira kwambiri kuti msewuwo ndimaudziwa ngati njira ya kumunda. Amayi anakhala kumbuyo atafunda chitenje, ndipo m'buti tinaikamo thumba la mtedza wa Chalimbana, mpunga wa ku Chama, ndi tambala womangidwa miyendo amene anakanitsitsa kumusiya, ati munthu sangalowe pa khomo la ukwati chimanjamanja.

Maola awiri oyamba anali okoma, ndipo ndikanakhala ndi nzeru ndikanazindikira kuti ulendo weniweni wa amayi unali umenewo. Tikudutsa pa Mtenguleni, pamene Angoni amachitira Nc'wala mwezi wa Febuluwale, anayamba kufotokoza za masiku amene Chipata inkatchedwa Fort Jameson, ndi mmene anakwerera basi ya UBZ koyamba ali ndi mwana kumsana. Ankati masiku amenewo munthu wopita ku Lusaka ankatsanzika mudzi wonse, ankaphikiridwa kamba wa nkhuku ndi mbatata, ndipo akulu ankamupempherera ngati wopita kunkhondo. Mapiri a Mphangwe ataonekera ku Katete anandikumbutsa chaka chimene anapita ndi malemu atate ku Mkaika kukaona Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Titapitirira Katete pang'ono, tisanafike pa Sinda, anagogoda pampando wanga ndi chala nanena motsitsa mawu kuti, "Mwananga, kanjira kaja kali pa mtengo wa mango kakulowera kumudzi kumene tinaika mkulu wanga." Ine ndinayankha maso ali pamsewu kuti tidzaima pobwera, ndipo iwo anangoti, "Chabwino."

Pa Sinda ndinagula mabotolo a madzi ozizira n'kuwapatsa limodzi, koma anati alibe ludzu. Pa Nyimba, pamene amayi ogulitsa nthochi amathamangira motoka iliyonse imene yachepetsa liwiro, ndinagula phava lalikulu kudzera pawindo osatsika n'komwe, ndipo nthochizo anazikananso, ati m'mimba mudakali modzaza. Ndinawafunsa mwina kanayi kuti, "Amayi, muli bwino?" ndipo kanayi konse anayankha kuti ali bwino. Nkhani zinali zitatha kalekale, koma ine ndinkaganiza kuti agona. Kuchokera pa Kacholola msewu umayamba kukhotakhota potsikira kuchigwa cha Luangwa, ndipo kutentha kwa kumeneko m'mwezi wa Okutobala n'kosiyana ndi kwa kwathu kumapiri, chifukwa ngakhale mphepo yolowa pawindo imakhala ngati yachokera pa ng'anjo ya njerwa.

Titawoloka mlatho wa Luangwa, uja anamanga mu 1968, ndinaima pamsika, ndipo ndinene zoona kuti ndinaimira nsomba zouma zimene mlongo wanga ananditumira, osati amayi. Nditatsegula chitseko chakumbuyo ndinapeza kuti akulephera kutulutsa mwendo. Mapazi anali atatupa moti zingwe za nsapato zinali zitalowa m'mnofu, milomo inali itauma mpaka kuyera, ndipo nditawaimiritsa anadzandira n'kugwira denga la motoka. Botolo la madzi lija linali pamiyendo pawo losatsegula. Mayi wina wogulitsa nsomba, wamsinkhu wa mlongo wanga, anasiya malonda ake n'kubwera, ndipo sanandipatse moni. Anandifunsa kuti, "Inu atate, ambuyawa mwachoka nawo kuti, ndipo mwawatsitsa kangati?" Nditayankha kuti ku Chipata, ndipo pano ndi poyamba kutsika, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anagwira amayi padzanja n'kupita nawo kuseri kwa timisasa. Anabwera nawo patapita nthawi atawasambitsa kumaso, anawakhazika pamthunzi pa mpando wake, ndipo anawamwetsa madzi pang'onopang'ono akucheza nawo ngati anadziwana kale. Tinakhala pamenepo ola lathunthu, ndipo ndalama imene ndinafuna kumupatsa anaikana.

Zimene zinachitika ndinazimva kwa mlongo wanga usiku, amayi atagona. Kuyambira madzulo a dzulo lake sanamwe madzi ngakhale dontho, ndipo m'mawa sanamwe piritsi lawo la BP, lija limachititsa munthu kutaya madzi pafupipafupi, chifukwa ankaopa kuti angafune kupita kuseri tili pamsewu, ndipo sakanatha kuuza mwana wawo wamwamuna zimenezo. Kwa mlongo wanga ananena mosavuta, mwinanso akuseka. Kwa ine sakananena ngakhale zikanafika poipa bwanji, chifukwa analeredwa m'mudzi mmene mayi satchula zotere pamaso pa mwana wamwamuna amene wamera ndevu.

Pamenepa ndiye pali maganizo anga, ndipo ena mukwiya nawo. Ife ana amene tinapita kusukulu n'kugula timotoka ndife amene timazunza makolo pa maulendo amenewa, ndipo timawazunza tikudziona ngati tikuwachitira ulemu. Funso lakuti "muli bwino?" ndi funso laulesi, chifukwa timalifunsa tikudziwa kale yankho, ndipo timalifunsa kuti tipeze chilolezo chopitiriza kuthamanga. Munthu wachikulire amene wakwera motoka ya mwana wake amadziona ngati katundu wolemetsa, amawerengera mafuta amene mwathira, amaona mmene mukuyang'anira wotchi, ndipo amasankha kuvutika mwakachetechete kusiyana ndi kukuchedwetsani. Choncho ndimakana ndithu zoti wachikulire azifunsidwa ngati akufuna kuima. Woyendetsa aime yekha, anene kuti iyeyo ndi amene watopa msana kapena akufuna kuona matayala, atsike, atsegule chitseko chakumbuyo, ndipo apite kutali pang'ono kuti wachikulireyo apeze mpata wochita zimene akufuna popanda kupempha.

Ndiponso tisanamizane kuti vutoli ndi la manyazi okha, chifukwa zimbudzi zambiri za m'mbali mwa msewu uno sizinamangidwe moganizira munthu wa mawondo ofooka. Zambiri n'zonjuta, zilibe pogwira, pansi pamakhala ponyowa ndi poterera, ndipo pakhomo pamakhala mnyamata wolandira ndalama amene amayang'ana aliyense wolowa. Munthu wa zaka 80 akanjuta pamalo otere sadziwa ngati adzukanso yekha, ndipo mantha amenewo ndi amene amamuchititsa kusala madzi kuyambira dzulo. Koma kusala madzi pa kutentha kwa chigwa n'koopsa kwa wachikulire kuposa kwa ife, chifukwa thupi lokalamba silimva ludzu msanga, ndipo madzi akachepa m'thupi munthu amachita chizungulire akaimirira, amasokonezeka maganizo, ndipo impso zimavutika. Kukhala malo amodzi maola ambiri miyendo ili yopinda kumatupitsa mapazi, ndipo nthawi zina magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo, zimene zikhoza kupha munthu. Ine ndinadziwa zonsezi pambuyo pake, mlongo wanga atandikalipira mokwanira.

Za basi ndilankhula mosamala, chifukwa ambiri mwa ife ndi imene tingakwanitse, ndipo ine ndakwera basi pa msewu uno kosawerengeka. Koma basi imaima pamene yakonzera yokha, kwa mphindi zochepa, ndipo hutala ikalira aliyense amathamanga. Masitepe ake ndi aatali, kanjira ka pakati kamadzaza ndi zikwama, ndipo wachikulire amene wakhala kumbuyo amaona kuti pamene azidzafika pakhomo anzake adzakhala akubwerera. Ndaonapo agogo ambiri amene satsika n'komwe kuchokera ku Chipata mpaka pa Intercity, siteshoni ya mabasi ku Lusaka, ndipo kale ndinkati ndi anthu opirira. Kuwonjezera apo pali mapiri a Manenekela, pakati pa Luangwa ndi Rufunsa, pamene msewu umazungulira m'mbali mwa maphompho ndipo malole olemera opita ku Malawi ndi ku Mozambique amakwawa mondondozana. Pamenepo ngakhale wachinyamata amachita nseru, ndipo sindingalangize munthu kudutsapo usiku ali ndi kholo lake.

Yankho lanu, mbale wanga

Kuchokera ku Lundazi kufika ku Chipata pali makilomita pafupifupi 180, choncho ulendo wanu wonse ukuyandikira makilomita 750, ndipo kwa atate a zaka 81 amenewo ndi masiku awiri. Ngati mungathe kubwereka motoka, bwerekani, mugone ku Chipata kapena ku Petauke, ndipo tsiku lachiwiri munyamuke m'mamawa kuti mudutse chigwa dzuwa lisanafike pamutu. Muziima maola awiri aliwonse, pa Katete, pa Nyimba, pa Luangwa ndi pa Rufunsa, ndipo atate atsike ayendeko pang'ono ngakhale akane. Musaganize kuti poti ndinu amuna nokhanokha adzakuuzani, chifukwa abambo ambiri a msinkhu umenewo amataya madzi pafupipafupi ndiponso movutikira, ndipo amabisa kuposa amayi. Mankhwala, buku la kuchipatala, kalata yowatumiza ku Lusaka, chiphaso cha NRC ndi khadi la inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA ngati ali nalo zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'buti. Musananyamuke mukafunse kuchipatala kumene amalandira mankhwala za nthawi yabwino yomwera mapiritsi pa tsiku la ulendo, ndipo muone ndi maso anu kuti amwadi. Ngati ali ndi shuga, chakudya chisadikire kuti mufike. Mukalephera motoka, gulani matikiti tsiku lisanafike kuti mupeze mipando yakutsogolo, atate akhale kumbali ya kanjira, ndipo mulankhule ndi kondakitala basi isananyamuke kuti mudzafuna mphindi zowonjezera poima. Amene akuyenda ndi amayi awo atenge mlongo, mkazi wawo kapena mdzukulu wamkazi, ngakhale zitanthauze kusiya thumba limodzi la mtedza.

Chinthu china chimene simunafunse, koma ndikuuzani, n'chakuti usiku woti mawa mukunyamuka mukhale pansi ndi atate muwafunse ngati pali mudzi, munthu kapena manda amene akufuna kuona m'njira, ndipo muimepo popita. Ife pobwera kuchokera ku ukwati tinanyamuka mochedwa chifukwa cha kutsanzikana, ndipo ndinaima kasanu monga ndinalangizidwira, mlongo wanga atatipatsa mwana wake wamng'ono wamkazi kuti akhale ndi ambuya ake kumbuyo. Pamene tinkadutsa Sinda kunali kutada, mwanayo anali atagona pamiyendo pawo, ndipo kanjira ka pa mtengo wa mango sindinakaone. Amayi sanandikumbutse. Anamwalira dzinja la chaka chotsatira asanapitenso mbali imeneyo, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pakati pa Katete ndi Sinda ndimachepetsa liwiro n'kumayang'ana kumanzere, koma mitengo ya mango pamenepo ndi yambiri, ndipo dzina la mudziwo sindinawafunse.