Kwa mayi amene mwana wawo akufuna kumaimba jazz

Mayi a ku Chinamwali, mwati mnyamata wanu walemba Fomu 4, amaliza gitala kutchalitchi, ndipo wakuuzani kuti ntchito yake idzakhala kuimba jazz. Mukufunsa ngati mumulole. Ine ndaliza kiyibodi m'mabandi muno mu Zomba zaka zambirimbiri, ndiye ndikuuzeni zomwe ndaona.

Muloleni, koma mumuuze poyera kuti jazz payokha kuno kwathu siidyetsa munthu. Amene amadya za gitala ndi uja woti akaitanidwa ku ukwati Loweruka, kukwaya Lamulungu, ku situdiyo Lolemba, konseko amakwanitsa. Ubwino wake jazz ndi womwewo: imasula khutu ndi zala, moti nyimbo iliyonse angoimva kamodzi wailowa. Taonani Erik Paliani, woliza gitala wa kuno kwathu. Adapita ku South Africa ndi gitala, nalizira anthu ena mpaka kufika pokonza chimbale cha Hugh Masekela, katswiri wa lipenga wa kumeneko, chotchedwa Phola mu 2009. Njira yake idali yotumikira nyimbo za ena kaye, dzina n'kubwera pambuyo.

Chimene ndingalimbikire kwambiri n'choti aphunzire kuwerenga manotsi. Anyamata athu ambiri amaliza ndi khutu lokha, ndipo amaliza bwino, koma mukawapatsa pepala thukuta kamukamu. Woimba jazz weniweni amapatsidwa pepala la makodi, losonyeza mmene nyimbo ikuyendera, madzulo, usiku womwewo n'kukwera pa siteji ndi anthu amene sanayesererepo nawo. Mwayi muli nawo pakhomo: ku UNIMA, komwe tidazolowera kuti ku Chanco, amaphunzitsa zoimbaimba. Ngati mapointi a MSCE alola, alowe kumeneko, chifukwa digiri imamutsegulira uphunzitsi, ndipo malipiro a pamwezi ndi amene amagula zingwe za gitala nthawi ya dzinja maukwati akachepa. Zikakanika, ku Lilongwe kuli sukulu ya zoimbaimba ya Music Crossroads.

Amvere akuluakulu a ku America, inde, poti jazz idabadwira ku New Orleans, koma asathere pomwepo. Malemu Wambali Mkandawire, amene adatisiya mu 2021, adatenga mang'ombe a kwawo kumpoto ndi Chitumbuka chake n'kupanga jazz yoti aliyense akaimva amadziwa kuti ndi ya ku Malawi. A Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka adafika nayo kwela mpaka ku Ulaya. Mwana wanu akakhale pansi pamene akuvina manganje, amve mmene ng'oma zikuyankhulirana. Zimenezo woimba wa ku Johannesburg alibe, ndipo n'zimene adzagulitse.

Kunyumba mukonzeke kumva kachidutswa kamodzimodzi kakubwerezedwa maola atatu kapena anayi tsiku lililonse. Si misala, ndiyo ntchitoyo. Mukaona kuti gitala akuigwira pokhapokha anzake akabwera, dziwani kuti akufuna kutchuka chabe, mumupezere china.

Za mowa musachite manyazi kumuuza, poti malo ambiri oimbira ndi omwera, ndipo eni ake ena amakonda kulipira ndi botolo. Ine pamalo ena ogona alendo tidaimba usiku wonse, m'mawa n'kutiuza kuti chakudya tidadya chija ndiwo malipiro. Kuyambira pamenepo mtengo timagwirizana tisanatsitse zida m'galimoto, theka n'kulandiriratu. Nayenso azitero, ndipo akapeka nyimbo yake yoyamba akailembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, asanaipereke ku wailesi.