Nsambo ya E ikuduka, tuner ikulemba D pa G: vuto lili pati?

Mmodzi mwa owerenga athu watilembera imelo iyi: "Ndangoyamba kuphunzira vayolini ndipo mphunzitsi ndilibe. Ndimatchuna ndi tuner ya pa intaneti, koma nsambo ya E yaduka kawiri ndili mkati motsatira muvi. Ndikaliza G, nthawi zina tuner imalemba D. Chikhomo cha A nachonso chimabwerera chokha ndikangochisiya. Ndikulakwitsa pati?"

Zikomo kwambiri polemba, ndipo musataye mtima. Tiyambe ndi E, poti ndi imene ikukuonongerani ndalama.

Ma tuner ambiri a pa intaneti sadziwa kuti mukuliza nsambo iti. Amangomva liwu, n'kulemba dzina la noti imene ili pafupi nalo. Muvi ukaima pakati, kapena pakaoneka zobiriwira, zimangotanthauza kuti liwulo lagwirizana ndi chilembo chimene chalembedwa pamenepo, kaya ndi cholondola kaya ayi. Choncho diso lanu liyambe pa chilembo ndi nambala yake, muvi ubwere pambuyo. Nsambo zinayi za vayolini, kuyambira yonenepa, ziyenera kulemba G3 pa 196 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa liwu), D4 pa 293.7 Hz, A4 pa 440 Hz, ndi E5 pa 659.3 Hz.

Ngati mukuliza E koma palembedwa D5 kapena D#5, simunafike, kungani pang'ono. Pakalembedwa F5 kapena F#5, mwapitirira, bwererani. Apa ndi pamene oyamba ambiri amadulira nsambo. Amaona F, n'kumapotozabe poganiza kuti E ili kutsogolo. Kutsogoloko E iliko ndithu, koma ndi E6, kupitirira 1,300 Hz, ndipo nsambo singafikeko yamoyo. Ndi kawaya kachitsulo kopyapyala pafupifupi 0.26 mm. Kungoikweza kuchoka pa E kufika pa F kumaonjezera kukungika kwake ndi 12 peresenti, kufika pa F# ndi 26 peresenti.

N'chifukwa chake E timaitchuna ndi fine tuner, kasikuluwu kali kumunsi kumene nsambo zamangiriridwa. Mukakapotoza mmene muvi wa wotchi umayendera, liwu limakwera. Chikhomo cha E, mtengo wa kumutu kwa vayolini umene nsambo imakulungidwako, muzichigwira pokhapokha nsambo itatsika kwambiri, ndipo muzichisuntha mamilimita awiri kapena atatu, n'kuliza, n'kuyang'ana. Kasikuluwuko kakafika pothera, kamasuleni kabwerere chapakati, kenako kwezani ndi chikhomo. Kakatsikitsitsa, chitsulo chake chapansi chimakanda thabwa la pamwamba pa vayolini.

Yang'ananinso pamene nsambo ziwirizo zinadukira. Ngati zonse zinadukira malo amodzi, monga pa kangalande kakumtunda pafupi ndi zikhomo kapena pa kambedza ka fine tuner, pali chakuthwa chimene chikuidya. Pakani pensulo yofewa m'timingalande mmene nsambo imadutsa kuti izitsetsereka bwino, ndipo chakuthwacho akakusalazireni mmisiri wa mavayolini.

Za G yolemba D, vayolini yanu ilibe mlandu. Nsambo ikamalira siitulutsa liwu limodzi lokha. Pamwamba pa 196 Hz pamamvekanso 392 Hz, yomwe ndi G4, ndi 588 Hz, yomwe ndi D5. Bokosi la vayolini ndi laling'ono moti liwu lapansi lenilenilo limatuluka lofooka, komanso maikolofoni a foni ndi laputopu samva bwino mawu apansi. Tuner ikagwira liwu la 588 Hz lija, imalemba D5. Nambala 5 ija ndiyo ikuuzeni kuti musakhudze chikhomo. Sendezani vayolini pafupi ndi maikolofoni, theka la mita ndi lokwanira. Gwirani nsambo zitatu zinazo mopepuka ndi zala kuti zisamalirire nawo, ndipo onetsetsani kuti uta sukukhudza D. Zimitsani wailesi ndi fani. Kokani uta wautali, mwachifatse, osapanikiza, chifukwa kupanikiza kumapotoza liwu ndipo muvi umangovina. Mukaliza ndi chala, liwu limayamba lokwera pang'ono kenako n'kukhazikika, ndiye musawerenge pa kamphindi koyambako.

Musanayambe n'komwe, lolani browser kugwiritsa ntchito maikolofoni, ndipo onani kuti A yaikidwa pa 440. Magulu ena oimba amatchuna pa 442 kapena 443. Mukamaimba nawo, ikani nambala yawoyo.

Tsopano chikhomo. Chilibe mazinga ngati bawuti ayi. Ndi mtengo wosongoka umene umagwira chifukwa chothina m'bowo basi. Pochipotoza muzichikankhiranso mkati nthawi yomweyo, dzanja linalo litagwira mutu wa vayolini. Yambani mwatsitsa pang'ono kuti chimasuke, kenako kwerani mpaka mufike pa noti. Nsambo yofikitsidwa kuchokera pansi imakhazikika kusiyana ndi yotsitsidwa kuchokera pamwamba. Kunja kukauma mtengo umanyala, chikhomo n'kumapulumuka. Kukakhala chinyezi umatupa, chikhomo n'kukakamira. Pali mankhwala ake opaka otchedwa peg compound, ndipo ngati mulibe, choko pang'ono pa malo awiri amene chikhomo chimakhudza bowo chimathandiza kwa kanthawi. Mafuta ndi guluu ayi, pulayala ayinso. Onaninso mmene nsambo yakulungidwira. Mizere yake iyende mwadongosolo kulowera ku mbali ya chogwirira, kuti kukoka kwa nsambo kuzilowetsa chikhomo mkati. Zonsezi zikakanika, ndiye kuti bowo latha, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Tchunani A, kenako D, G, n'kumalizira E, mukatero bwerezaninso, chifukwa kukunga nsambo imodzi kumasuntha zinzake. Nsambo zatsopano zimatamuka kwa masiku angapo, ndiye musadabwe zikamatsika pafupipafupi. Nthawi ndi nthawi yang'anani cham'mbali bridge, kathabwa koimirira kamene kamanyamula nsambo. Kathabwa aka sikanamatidwe, kamagwidwa ndi nsambo zokha, ndipo kutchuna ndi zikhomo kumakakokera kumtunda pang'onopang'ono. Nkhope yake yoyang'ana ku ma fine tuner iime chilili pa thabwa. Kakapendekeka, kagwireni ndi manja awiri n'kukabweza mosamala. Chonde musamasule nsambo zonse zinayi nthawi imodzi, chifukwa bridge imagwa, ndipo kamtengo kamkati kotchedwa sound post kangathenso kugwa.

Khutu likayamba kuzolowera, tengani A yokha pa tuner. Lizani A ndi D pamodzi. D ikaphonya noti yake pang'ono mumva liwu likugwedezeka ngati mafunde, ndipo mukamayandikira mafundewo amachedwa mpaka kutha. Chitani chimodzimodzi ndi D ndi G, kenako A ndi E. Mukayang'ana pa tuner mupeza D ili cha pa 293.3, G pa 195.6, E pa 660. Muvi upatuka pang'ono chabe, koma musakonze, chifukwa tuner imatsatira katchunidwe ka piyano, pomwe oimba vayolini amatchuna nsambo zawo mpaka mafundewo atazimiririka.