Mafunso ndi Mayankho: Ayisi, nthunzi ndi mibulu yosowa

Funso: Ndinadzaza madzi m'botolo lagalasi mpaka kukamwa, n'kutseka, n'kuliika m'firiji mbali youndanitsa. Kutacha ndinalipeza litasweka. Kusukulu amati chinthu chikazizira chimafinyika. Nanga izi zatheka bwanji?

Yankho: Aphunzitsi anu sananame. Zinthu zambiri zikazizira zimafinyikadi, chifukwa timamolekyu take, tizidutswa ting'onoting'ono kwambiri topanga chinthu, timachepetsa kuyendayenda n'kuyandikana. Madzi ndiwo ali ndi khalidwe lawolawo. Amafinyika mpaka pa madigiri 4 Celsius, ndipo akapitirira kuzizira amayambanso kufufuma. Pa madigiri 0, pomwe amaundana, timamolekyu timagwirana m'timakona tisanu ndi timodzi ngati zisa za njuchi, pakati n'kutsala mipata. Choncho lita imodzi ya madzi imasanduka ayisi wodzaza malo a malita pafupifupi 1.09. Kulemera sikusintha, kilogalamu imakhalabe kilogalamu. Chakula ndi malo okha. N'chifukwa chake ayisi amayandama, pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi likuonekera pamwamba pa madzi.

Chinaswa botolo lanu si kudzaza kokha. Khosi la botolo ndi lopapatiza, ndiye madzi a pamenepo amafulumira kuundana n'kukhala ngati chitseko. Otsala m'kati akamafufuma amasowa kolowera, amakankha galasi, ndipo galasi silitamuka. Gwiritsani ntchito botolo lapulasitiki, thirani madzi olekeza m'mapewa mwa botolo osafika m'khosi, liimikeni chilili, ndipo musamange chotsekera mpaka madzi ataundana.

Funso: Madzi owira ndi nthunzi yake zonse zimakhala pa madigiri 100. Bwanji nthunzi imawotcha koopsa kuposa madziwo?

Yankho: Ili ndi funso lomwe timalikonda, chifukwa limafika pamtima pa nkhani ya kusintha kwa zinthu. Ikani choyezera kutentha m'madzi omwe ali pamoto. Chimakwera mpaka madzi atawira, kenako chimaima, ngakhale musonkhezere moto chotani. Mphamvu ya motowo sikutayika. Ikugwira ntchito yolekanitsa timamolekyu kuti tiuluke ngati mpweya. Kutenthetsa galamu imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 0 kufika pa 100 kumafuna ma joule (muyeso wa mphamvu) pafupifupi 420. Kuisandutsa nthunzi kumafuna ena 2,260, kuposa kasanu. Nthunzi ikakhudza khungu imabwerera kukhala madzi, n'kutula mphamvu yonseyo pomwepo, kenako madzi otenthawo n'kupitiriza kuwotcha.

Yang'anitsitsani pakamwa pa ketulo yowira. Pafupi penipeni pali kampata kosaoneka kanthu, kenako kamtambo koyera. Nthunzi yeniyeni ndi ya pakampata apo, ndipo ndi yomwe ili yoopsa kwambiri. Kamtambo koyera ndi timadontho ta madzi tomwe tayamba kale kuzizira.

Povundukula poto, pendeketsani chivundikiro kuti nthunzi ithawire kutali ndi nkhope. Mukapsa, thirani madzi ozizira oyenda pabalapo kwa mphindi 20. Musaikepo ayisi kapena mafuta. Komanso musatenthetse madzi m'chitini kapena m'botolo lotsekeka, chifukwa lita imodzi ya madzi imatulutsa nthunzi ya malita pafupifupi 1,700, ndipo ikasowa potulukira imaphulitsa chotengeracho.

Tiwonjezere kuti madigiri 100 aja ndi a malo otsika, ofanana ndi pamwamba pa nyanja yamchere. Mukakwera mamita 300 alionse, madzi amawira pa kutentha kotsika ndi digiri imodzi pafupifupi, popeza mpweya wowapanikiza umachepa.

Funso: Mibulu yoyera yothamangitsa njenjete m'zovala imachepa mpaka kusowa, koma siinyowetsa nsalu. Imapita kuti?

Yankho: Yambiri mwa mibuluyi ndi ya naphthalene, yomwe imachoka pa kulimba n'kusanduka mpweya osayamba yasungunuka. Akatswiri amati sublimation. Fungo lomwe mumamva ndi mibuluyo ili m'mpweya. Dry ice, yemwe ndi mpweya wa carbon dioxide woundana, amachitanso chimodzimodzi pa madigiri -78.5, ndipo sagwiridwa ndi manja osavala magolovesi. Mibuluyi muziiika m'bokosi la zovala lotseka bwino kuti ikhalitse, komanso kutali ndi ana, chifukwa ndi poizoni mwana akaimeza.