Tifunseni: Abusa atanganidwa ndi Pasaka, amayi awo ali pamphasa

FUNSO

Ndine mayi busa pa mpingo wina wa CCAP, Sinodi ya Nkhoma, m'boma la Dedza. Apongozi anga aakazi, a zaka 81, anafa ziwalo mbali imodzi mu Januwale chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo akuwasamalira kumudzi ndi alamu anga okha, amene ali ndi ana komanso munda. Abusa ndiwo mwana wamwamuna yekha, mwini mbumba, koma chiyambire matendawa apitako kawiri kokha. Tsopano tikulowa m'nyengo ya Pasaka, ya migonero, ubatizo ndi kuyesa a kalasi, osatchulanso maliro. Sabata yatha alamu anandiuza pafoni akulira kuti achimwene awo amafika pakhomo pa wodwala aliyense kupatula pa mayi wowabala. Sindinawauze abusa poopa kuwalemetsa. Ndichite chiyani?

YANKHO

Mayi busa, mawu a alamu anuwo musawasunge. Anapweteka, koma ndi kulira kwa munthu amene watha miyezi akusambitsa, kudyetsa ndi kunyamula kholo lake payekha, ndipo woyenera kumva kulira kumeneku ndi mwini mbumba. Sankhani nthawi yabwino, osati Loweruka usiku pamene akukonza ulaliki, koma Lolemba atapuma, ndipo muwauze mawuwo monga momwe anayankhulidwira, popanda kuwonjezera kapena kuchotsa.

Mukatero, khalani pansi awiri ndi dongosolo la ntchito la masabata akubwerawa, ndipo pa ntchito iliyonse mufunse ngati ikufunadi munthu wodzozedwa. Kudyetsa Mgonero ndi kubatiza ndi ntchito ya mbusa, imeneyo sangaisiye. Koma kulalikira m'nyumba za mapemphero, kuyendera odwala m'midzi, kuphunzitsa kalasi ngakhale kuyendetsa mwambo wa maliro, akulu ampingo amazichita nthawi zonse, ndipo mpingo wa chipresibiteriyani unakhazikika pa maziko amenewo, akuti mbusa amaweta nkhosa pamodzi ndi akulu. Ndimaona kawirikawiri kuti abusa athu amasenza zambiri osati chifukwa malamulo a mpingo akuwakakamiza, koma chifukwa Akhristu anazolowera kunena kuti maliro opanda abusa ndi maliro onyozeka. Chizolowezi chimenechi ndi chimene chikuwabera apongozi anu mwana wawo. Pa Eksodo 18, Yetero anaona Mose akuweruza anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, namuuza kuti adzalefuka iye pamodzi ndi anthuwo akapanda kugawira ena ntchito, ndipo Mose anamvera mpongozi wakeyo.

Choncho abusa akambe ndi mlembi wa mpingo ndi akulu nyengoyi isanafike pachimake, anene poyera kuti amayi awo ali pamphasa, ndipo apemphe masiku odziwika, mwachitsanzo Lolemba ndi Lachiwiri sabata iliyonse, kupatula sabata ya Lachisanu Loyera. Ngati pali Mgonero umene ungawombane ndi ulendo wa kuchipatala, mbusa mnzawo wa mu presibitere yomweyo angathe kuwaimirira, ndipo iwo adzabweza tsiku lina. Akhristu ambiri amadandaula mbusa akasowa mosadziwika, koma akauzidwa chifukwa chake amayamba okha kufunsa kuti agogo agona bwanji.

Mwina abusa adzayankha kuti ntchito ya Mulungu ndiyo yoyamba. Ayankheni mwaulemu ndi Malemba amene iwo amalalikira. Pa Marko 7, Yesu anadzudzula anthu amene ankati chuma chimene akanathandizira makolo awo ndi Korbani, choperekedwa kwa Mulungu, nasiya makolowo akuvutika. Ndipo ine ndikukhulupirira kuti nthawi nayonso munthu angathe kuitcha Korbani. Koma ndime imene imandikhudza kwambiri ndi ya nyengo yomwe ino, pa Yohane 19:26-27. Ali pamtanda, pakati pa ntchito yaikulu koposa ntchito zonse, Ambuye anaona amayi awo ataima pafupi, nawapereka m'manja mwa wophunzira amene ankamukonda, ndipo wophunzirayo anawatengera kwawo kuyambira ola lomwelo. Sanangowasiyira gulu kuti aliyense aone chochita. Analoza munthu mmodzi wodziwika.

Banja lanu lichite chimodzimodzi. Abusa, monga mwini mbumba, aitane abale onse, ngakhale pafoni, kuti agwirizane za amene azigona ndi agogo masiku akutiakuti, amene azigula sopo ndi matewera, ndi amene aziwaperekeza kuchipatala. Munthu wofa ziwalo amafunika kumutembenuza pafupifupi maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda za pamsana ndi m'chiuno, amafunika kumwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku osadumphitsa, ndiponso kudyetsedwa pang'onopang'ono atakhala tsonga kuti asatsamwe. Mukaona kamwa yapotokanso, mawu akukanika kapena akulephera kumeza, musadikire kuti kuche, thamangani nawo kuchipatala. Ntchito yotereyi siingatheke ndi mayi mmodzi amene chimanga chake chikuyembekezanso kukolola. Amayi a Chigwirizano a mpingo wa kumudziko angathandize kutunga madzi ndi kuchapa ngati apemphedwa kudzera kwa abusa a kumeneko, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo adziwitsidwe.

Inuyo, mayi busa, musadzipereke kuti mulowe m'malo mwa amuna anu pa zonse. Kupita kwanu n'kofunika, koma nkhope imene agogo akuiyembekezera pakhomo ndi ya mwana wawo. Za kuwatengera ku nyumba ya mbusa musafulumire; afunseni eni ake kaye, pakuti okalamba ambiri safuna kusiya nyumba yawo ndi anzawo, ndipo mbusa angasamutsidwe nthawi ina iliyonse.

Abusa akapita Lolemba likubwerali, asakakhale ngati mlendo wopatsidwa mpando ndi nkhuku, wongopemphera n'kutsanzika dzuwa lisanalowe. Akagone komweko, akawamwetse okha phala amayi awo, ndipo usiku umenewo akhale iwo odzuka kukawatembenuza, kuti mlongo wawo agone mpaka m'mawa.