Mwana Wanu Akayamba Kusewera Baseball ku America

Makolo ambiri ochokera kwathu akafika ku America amadabwa kuona kuti mwana amene ankakonda mpira wa miyendo wayamba kupempha gulovu ndi ndodo yomenyera mpira, pasanathe ndi chaka chimodzi. Ngati mwanayo ali ndi liwiro, kochi wa kusukulu amamuika kumalo otchedwa outfield, ndipo posakhalitsa makolo anzanu a kuno amayamba kukuuzani kuti mwana wanu adzakhala ngati Juan Soto, mmodzi wa osewera otchuka kwambiri a ku outfield. Musanayambe kuwerengera chuma cha mwanayo, ndi bwino mudziwe mmene njira ya wosewera wotereyu imayendera, chifukwa njira imene Soto anadutsa si imene mwana wokhala kuno angadutse.

Pamasewera amenewa, timu imene ikuteteza imaika anthu atatu kutali ndi woponya mpira, kumalo otchedwa outfield aja: wina kumanzere, wina pakati, wina kumanja. Wapakati amayenera kukhala wothamanga kwambiri popeza dera lake ndi lalikulu, pamene wakumanja amayenera kukhala ndi mkono wamphamvu chifukwa nthawi zina amaponya mpira mtunda wautali kuposa anzake. Koma dziwani kuti matimu akuluakulu salemba outfielder ntchito chifukwa chongowakha mpira bwino. Amafuna munthu wodziwa kumenya, ndipo mnyamata wothamanga ngati mphepo koma wolephera kumenya safika patali.

Soto anabadwira ku Santo Domingo, m'dziko la Dominican Republic, pa 25 Okutobala 1998. Timu ya Washington Nationals inamusainitsa mu Julayi 2015 ali ndi zaka 16, n'kumupatsa madola 1.5 miliyoni. Mu 2016 anasewera mu ligi ya ongoyamba kumene ku Florida ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse, koma chaka cha 2017 chinamuthera m'manja mwa madokotala, chifukwa anavulala kakolo kenako dzanja, moti anasewera masewera 32 okha. Mu 2018 anayambira ku Hagerstown, anakwezedwa kupita ku Potomac, kenako ku Harrisburg, onsewa ali matimu a m'maligi aang'ono, ndipo pa 20 Meyi anaitanidwa ku ligi yaikulu, yotchedwa Major League Baseball, ali ndi zaka 19. Tsiku lotsatira, mpira woyamba umene anaponyeredwa ndi woponya wa San Diego Padres anaumenya n'kuutulutsa kunja kwa mpanda, zomwe amazitcha home run. Chaka chimenecho anamenya ma home run 22, ndipo mu 2019 anathandiza timu yake kutenga chikho chachikulu cha ligiyo chotchedwa World Series, atakwanitsa zaka 21 mkati mwa mpikisanowo.

Chimene akatswiri anachita nacho chidwi kwambiri sichinali mphamvu zake ayi, koma kudekha. Lamulo limati woponya akaponya mipira inayi yolakwika, womenya n'kuisiya osaimenya, womenyayo amangoyenda kupita pa base yoyamba, malo oyamba mwa anayi amene womenya amazungulira kuti timu yake ipeze chigoli. Anyamata ambiri amapupuluma ndipo amamenya chilichonse chimene chabwera, koma Soto anayenda motero maulendo 79 m'masewera 116 a chaka chake choyamba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ngati pali chinthu chimodzi chimene mwana wanu angatengere kwa Soto popanda kulipira kochi wapadera, ndi chimenechi. Ndionjezere kuti Soto analimbikira kuphunzira Chingelezi adakali m'maligi aang'ono kufikira pomayankha atolankhani yekha, ndipo ife obwera sitiyenera kuiona ngati nkhani yaing'ono.

Musaganize kuti ndalama zosainira ndizo zimasonyeza tsogolo la mwana. Ronald Acuña Jr. wa ku Venezuela anasaina ndi Atlanta Braves mu 2014 pa madola 100,000 okha, koma ndiye amene anaposa Soto pa mphoto ya wosewera watsopano wopambana mu National League, limodzi la magawo awiri a ligi yaikulu, mu 2018.

Anyamata awiriwa anasaina ali ndi zaka 16 chifukwa ankakhala kunja kwa America. Mwana amene akukhala ku United States, Canada kapena Puerto Rico, ngakhalenso mwana wochokera kwina amene akuphunzira pasukulu ya sekondale kapena koleji ya kuno, sangasaine motero. Iye amayenera kudikira mwambo wa chaka ndi chaka wotchedwa draft, pamene matimu 30 amasankha osewera mosinthanasinthana, ndipo kuyambira 2021 kusankhaku kumazungulira maulendo 20 okha. Angasankhidwe akamaliza sekondale, ndipo akalowa yunivesite ya zaka zinayi amadikira mpaka atamaliza chaka chachitatu kapena atakwanitsa zaka 21. Chitsanzo choyenera kwa mwana wanu ndi Mike Trout, amene anamaliza sekondale ku Millville m'boma la New Jersey, anasankhidwa ndi Angels mu 2009 ali wa nambala 25, ndipo anafika mu ligi yaikulu mu Julayi 2011. Choncho munthu akabwera kunyumba kwanu n'kunena kuti angathe kusainitsa mwana wanu wa zaka 16 ku timu yaikulu mukamupatsa ndalama, mutsekereni chitseko mwaulemu.

Kusankhidwa pa draft sikutanthauza kuti mwana walemera. Amayambira pansi, mu ligi ya ongoyamba kumene ku Arizona kapena Florida, n'kumakwera kudutsa Single-A, High-A, Double-A mpaka Triple-A, akuyenda pabasi m'matauni aang'ono ndi kusewera pafupifupi tsiku lililonse. Osewera a m'maligi amenewa anapeza mgwirizano wawo woyamba wa zapantchito mu 2023, ndipo malipiro otsikitsitsa anakhala madola 19,800 pachaka kwa ongoyamba kumene ndi madola 35,800 ku Triple-A. Kale zinali zomvetsa chisoni kuposa pamenepa, popeza wongoyamba kumene ankalandira madola 4,800, ndipo matimu anayamba kupereka nyumba kwa osewera ambiri mu 2022. Inu amene mwayamba kale kulipira lendi kuno mukudziwa kuti ndalama zimenezi sizingasamale banja, kuli bwanji kutumiza kumudzi. Ambiri mwa osankhidwa amasiya masewera asanaponde n'komwe mu ligi yaikulu. Gift Ngoepe wa ku South Africa, ngakhale kuti iye sankasewera ku outfield, anasaina ndi Pittsburgh Pirates mu 2008 ndipo anadikira mpaka pa 26 Epulo 2017 kuti akhale munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu ligi yaikulu. M'maganizo mwanga, zaka za Ngoepe zikufanana kwambiri ndi zimene wosewera wamba amakumana nazo kusiyana ndi zaka zitatu za Soto.

Ngakhale amene wafika pamwamba sakhala mfulu nthawi yomweyo. Malipiro otsikitsitsa mu ligi yaikulu anali madola 740,000 mu 2024, zomwe ndi ndalama zambiri ndithu, koma wosewera amakhala m'manja mwa timu yake kwa zaka zisanu ndi chimodzi asanaloledwe kudzisankhira kopita. Mgwirizano wa madola 765 miliyoni umene Soto anasaina ndi New York Mets unabwera mu Disembala 2024, patatha zaka zoposa zisanu ndi zinayi chisainireni koyamba.

Kwa inu amene mwana wanu wangoyamba, yambirani pa timu ya ligi ya ana yotchedwa Little League ya m'dera lanu kapena ya kusukulu, ndipo kumbukirani kuti kulembetsa kumachitika m'nyengo yachisanu masewera asanayambe cha mu Malichi kapena Epulo. M'mizinda ikuluikulu funsani za pulogalamu ya RBI, imene inayambira ku Los Angeles mu 1989 pofuna kuthandiza ana a mabanja osapeza bwino kuti azisewera. Pali matimu ena oyendayenda amene amalipiritsa madola masauzande pachaka, kuphatikizapo mafuta a galimoto ndi malo ogona, ndipo makochi awo amalankhula mokoma kwambiri. Musathamangire kumeneko mwana ali ndi zaka 10, ndipo musatenge ngongole chifukwa cha zimenezi. Dikirani afike kusekondale, muone ngati akumenyabe bwino pamene oponya ayamba kuponya mipira yokhota.

Sungani bwino satifiketi yakubadwa ya mwana, ndipo onetsetsani kuti tsiku lobadwa ndi kalembedwe ka dzina zikufanana pa pasipoti ndi pa mapepala a kusukulu, chifukwa maligi a baseball amafufuza msinkhu mosanyengerera pambuyo pa milandu yambiri ya anyamata obisa zaka. Tsatiraninso magiredi ake kuyambira chaka choyamba cha sekondale, popeza bungwe la NCAA, loyang'anira masewera a m'mayunivesite, sililola wophunzira kusewera pa yunivesite ngati sanakhoze maphunziro ofunikira, ndipo thandizo la fizi limene osewera baseball amalandira nthawi zambiri silikwanira fizi yonse. Pitani mukaonane ndi mlangizi wa pasukulu yake, mumufunse mndandanda wa maphunziro amene NCAA imavomereza, mwana asanasankhe maphunziro a chaka chotsatira.