Sitata ya mpweya pa pikapu yoyendera ku Muloza

Achimwene, mwafunsa mmene geni yokagula mbewu ku Milange, ku Mozambique, timayendetsera, komanso ngati n'kwanzeru kuika sitata ya mpweya pa Hilux yanu ya dizilo yomwe ikumakana kulira m'mawa. Ndiyankha zonse pamodzi, poti pa geni imeneyi galimoto ikachedwa kulira ndi ola limodzi, mumakapeza matumba abwino anzanu atatola kale.

Ambirife sitiwoloka ndi galimoto. Kuti pikapu ilowe ku Mozambique pamafunika chilolezo choilowetsa kwa kanthawi ndi inshulansi ya kumeneko, ndiye pa katundu wa tani imodzi kaphindu kamathera pomwepo. Timaisiya tsidya lino, pa Muloza kapena pa Limbuli, n'kuwoloka pansi. Chimanga, nyemba ndi nandolo kumeneko amatchula mtengo mu meticais, choncho yambani mwadziwa mmene kwacha ikusinthira tsikulo musanayambe kunenerera. Anyamata a njinga amakuwolotserani matumba, mumaonetsa katundu kwa a MRA, mbewu zimafunanso mapepala a zaulimi, kenako mwauyamba wa M2 kudzera pa Chitakale ndi ku Thyolo mpaka ku Limbe. Njira zozembera za mumtsinje zilekeni, mpamba wonse umapita tsiku limodzi.

Tsono za sitata ija. Sindikuinyoza ayi, ndi chipangizo champhamvu. M'malo mwa magetsi a batire, mpweya wopanikizidwa m'thanki ndi umene umazunguza kamota kogwira mano a flywheel, gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini. Imazunguza injini mwaliwiro, siitentha ngakhale muilize nthawi yaitali, siithetheka moto, ndipo kuzizira sikuifooketsa ngati mmene kumachitira ndi batire. N'chifukwa chake a kampani ya Ingersoll Rand ndi ena amazipangira majenereta akuluakulu, sitima zapamadzi, makina a m'migodi ndi malo a gasi. Pa thiraki ya mabuleki a mpweya zimamveka: kompuresa ilipo kale, mathanki alipo, ndipo mpweya ukatha mnzanu amakupatsirani ndi payipi.

Hilux yanu ilibe zonsezo. Mabuleki ake ndi a mafuta. Muyenera kugula kompuresa, mapaipi, mavalavu ndi thanki yaikulu yosunga mpweya wa mphamvu ya 6 mpaka 10 bar, ndipo thankiyo idzakhala pamalo pomwe mukanaika matumba. Mpweya wake umatha m'masekondi owerengeka. Injini ikapanda kugwira, mwaima basi, chifukwa kompuresa imadikiranso injini yomweyo kapena batire. Kabowo kakang'ono pa payipi kamapwetsa thanki usiku wonse inu muli m'tulo. Onjezani chinyezi chathu cha kuno: mu June ndi July chiperoni chikakuta phiri la Mulanje, madzi amadikha m'thanki, ndipo mukaiwala kukhetsa dzimbiri limalowa m'kamota. Phokoso lake nalo, mukailiza 4 koloko m'mawa mudzi wonse wadzuka.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: batire simuthana nalo. Injini ya Hilux ya mtundu wa D-4D imayendetsedwa ndi kakompyuta, ndipo popanda magetsi mainjekita satulutsa dizilo. Mahita otenthetsa injini m'mawa nawo amadya batire lomwelo. Mudzakhala mukusamala zinthu ziwiri m'malo mwa chimodzi.

Ine chaka china pikapu inandikanira pa Limbuli nditapakira kale nyemba. Makaniko wa pansi pa mtengo anamasula sitata, kusintha mabulashi, dzuwa lisanafike paliwombo ndinali ndikukwera zitunda za tiyi za ku Thyolo. Ikanakhala ya mpweya, akanangoiyang'ana mnyamatayo, chipangizo n'kuchita kuitanitsa ku Johannesburg, nyemba zikufumbwa mtengo ukutsika.

Galimoto yokana kulira kukazizira nthawi zambiri vuto limakhala mahita ofa, batire lotopa, mitu ya batire yadzimbiri, waya wa earth wolobodoka, kapena fyuluta ya dizilo yodzadza madzi, makamaka ngati mumathira wa m'zigubu. Yezetsani zimenezi kaye, ndi alternator yomwe. Gulani batire la saizi yoyenera, muziyenda ndi majampa, ndipo pogona muziimika galimoto poyang'ana kumtsetse. Ndalama yotsalayo muipititse ku nandolo, August akamayandikira.