CA-125 ya amayi anu yafika 900: nambalayi payokha sinena za mawa

Achemwali, pepani ndi matendawa. Mwafunsa ngati CA-125 ya 900 ya amayi anu, amene achipatala cha Dedza awatumiza ku Kamuzu Central, ikutanthauza kuti khansa ya m'thumba la mazira yawafika pothera. Nambala imodzi yokha singatiuze zimenezo.

CA-125 ndi puloteni imene amayeza m'magazi. Anaitulukira a Robert Bast ndi anzawo ku America mu 1981, ndipo madokotala amati ili bwino ikakhala pansi pa 35. Vuto lake n'lakuti imakwera pa zifukwa zambiri: mimba, msambo, zotupa za m'chiberekero, matenda a chiwindi, ndiponso TB ya m'mimba. Ya TB iyi musaiphonye, chifukwa kwathu kuno ilipo ndithu. Mimba imadzaza madzi, munthu amaonda, CA-125 n'kukwera mpaka mazanamazana, ndendende ngati khansa. N'chifukwa chake chotsimikizira ndi sikani komanso kuyeza kanyama kapena madzi a m'mimbamo. Komanso pafupifupi theka la amayi amene khansa yawo ili pa siteji yoyamba (isanafalikire kwina), CA-125 yawo imatuluka yabwinobwino.

Akatsimikiza kuti ndi khansa, zimene zimalemera kwambiri ndi siteji yake, kukula kwa chotupa chimene chatsalira pambuyo pa opareshoni, ndi mmene matendawo akumvera kemo (mankhwala olimbana ndi khansa). Kemoyo kawirikawiri ndi carboplatin ndi paclitaxel, pa milungu itatu iliyonse, maulendo 6. Apa m'pamene CA-125 imathandiza zenizeni, poona kayendedwe kake. Mayi amene anayamba ndi 900 koma yatsika pansi pa 35 pofika ulendo wachitatu, nthawi zambiri ali pabwino kuposa amene anayamba ndi 200 koma sikusuntha.

Ndipo akadzamaliza kemo, musamathamange mtima CA-125 ikangokwera pang'ono. Kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya amene anatuluka mu 2010 anapeza kuti kuyambiranso kemo chifukwa cha nambala yokha, munthu asanamve kalikonse m'thupi, sikunatalikitse moyo.



Mukapita ku Lilongwe, tengani buku lawo la kuchipatala, muzionetsetsa kuti CA-125 iliyonse yalembedwamo ndi deti lake. Muwafunse adokotala ngati za TB aziyeza, mtundu wa khansayo, ndi siteji yake.